Thupi Latsika, Tsitsi Likuthothoka: Adokotala Ayankha Makalata Anu

WOULUTSA: Omvera athu nonse, kuyambira muno m'tauni ya Zomba, kukwera mpaka Ku Chawe, kutsikira ku Jali ndi ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, tcherani khutu. Nthawi ija yakwana ya mafunso ndi mayankho pa za umoyo. Chifunga chatsika m'phiri madzulo ano ndipo Juni wayamba kuluma, ndiye sendezani mbaula pafupi, wailesi muikwezeko pang'ono. Sabata ino makalata ambiri abwera ndi dandaulo limodzi: anthu asiya nsima kuti achepetse thupi, thupi latsikadi, koma tsitsi nalo layamba kutsatira. Adokotala athu akhala kale pampando. Mwaswera bwanji Adokotala?

DOKOTALA: Ndaswera bwino achimwene, kaya inu? Ndaona mulu wa makalatawo. Tiyambepo msanga, nthawi ingatithere.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera ku Matawale. Akuti: "Zikomo Adokotala. Ndine mphunzitsi, ndili ndi zaka 38. Mu Febuluwale ndinakwera sikelo ndipo ndinapezeka ndi makilogalamu 86, BP nayo itakwera. Mnzanga wa kuntchito anandilangiza kuti ndisiye nsima, mpunga, buledi, mbatata ndi shuga. Ndinamvera. Patatha masabata 10 ndinali pa 72, madiresi a kalekale n'kuyamba kundikwananso. Koma kuyambira mu Meyi ndikangopesa chipeso chimadzaza. Pa pilo pali tsitsi, kubafa kuli tsitsi, ngakhale pa kaundula wa ana m'kalasi ndimapezapo tsitsi. Kodi ndichita dazi? Ndibwerere ku nsima?"

DOKOTALA: Aphunzitsi, mtima m'malo. Monga mwafotokozeramu, dazi simuchita. Koma ndikufuna mumvetse chomwe chachitika, chifukwa yankho lanu ndi la anzanu ambiri amene alemba sabata ino.

Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse lili ndi kalendala yakeyake. Limakula kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, kenako limaima, muzu wake n'kupuma kwa miyezi pafupifupi itatu. Miyeziyo ikatha, latsopano limatulukira pansi n'kukankha lakale lija, lakalelo n'kugwa. Munthu akakhala bwinobwino, pa tsitsi 100 lililonse, pafupifupi 90 limakhala likukula pamene 10 likupuma. N'chifukwa chake tonsefe, ine ndi inu achimwene, timataya tsitsi 50 mpaka 100 tsiku lililonse osazindikira.

Tsono thupi likadzidzimuka, limachita ngati banja limene malipiro achedwa. Banja lotere silisiya kugula ufa, limayamba ndi kusiya mafuta odzola, sopo wonunkhira ndi yuniti za foni. Thupi nalo silingaleke kudyetsa mtima, ubongo ndi impso, ndiye limadula ndalama za tsitsi. Mizu yambiri imalamulidwa kupuma nthawi imodzi, mwina 30 pa 100 iliyonse. Tsiku limenelo simuona kanthu, popeza tsitsi lopumalo limakhalabe pamutu. Miyezi iwiri kapena itatu ikadutsa ndi pamene lonse limagwa pamodzi. Werengani nokha, aphunzitsi: munasiya nsima mu Febuluwale, chipeso chinayamba kudzaza mu Meyi. Tsitsi lomwe mukutola lero linaleka kukula kalekale, pa nthawi ija mumasangalala ndi sikelo.

Vutoli madokotala amalitcha telogen effluvium, dzina limene analipatsa dokotala wa khungu wa ku America, Albert Kligman, mu 1961. Limabwera munthu akabereka, akadwala malungo akulu kapena tayifodi, akachitidwa opareshoni, akaferedwa, komanso akaonda mothamanga. Ambiri analiona atachira Covid-19. Ubwino wake ndi wakuti mizu siinafe. Chomwe chinadzidzimutsa thupi chikachoka, kuthothokako kumaleka pasanathe miyezi 6, ndipo mudzayamba kuona timatsitsi tatifupitifupi tikumera pamphumi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye kuti libwerere mwakale pangapite chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

WOULUTSA: Koma Adokotala, funso lawo lachiwiri simunayankhe. Abwerere ku nsima? Ineyo ndikumva ngati nsima yakwiya kuti aisiya.

DOKOTALA: Ha, achimwene, nsima siisunga mangawa. Mu ufa woyera mulibe mankhwala omeretsa tsitsi. Chagwetsa tsitsi la aphunzitsiwa ndi liwiro ndi njala. Makilogalamu 14 m'masabata 10 ndi kuthamanga kwambiri. Ife timalangiza theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata, osapitirira apo.

Kadyedwe kameneka si kachilendo padziko. Mu 1863 mkulu wina wa ku London wokonza maliro, William Banting, analemba kabuku kofotokoza momwe anaondera atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Iyeyo anatsitsa makilogalamu oposa 20, koma zinamutengera chaka chathunthu, akudya nyama ndi nsomba mokhuta. Mu 1972 Robert Atkins ku America anakatchukitsanso. Mu 2013 Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anatulutsa buku lomwe linafalitsa dzina la Banting ku South Africa konse, ndipo abale athu a ku Joni anabwera nalo kuno. Ena amati keto, njira imene inayamba mu 1921 ku Mayo Clinic pothandiza odwala khunyu.

Koma taonani mbale ya anthu amene analemba mabuku amenewa. Iwo akachotsa buledi, m'mbale mumatsala nyama yaikulu, mazira, tchizi ndi masamba ambiri. Nanga ifeyo? Mbale yathu ndi mitanda iwiri kapena itatu ya nsima, pambali kambale ka ndiwo zongosunsira. Timatemba tinayi, msuzi, mpiru wa masipuni awiri. Ndiwo zimenezo zinayezedwa kuti ziperekeze nsima, osati ziime pazokha. Mukachotsa mitanda ija osawonjezera ndiwo, simukudya Banting ayi, mukungosala kudya. Ichi ndicho ndimaona tsiku ndi tsiku: anthu achotsa chokhutitsa koma sanaikepo kanthu.

Ndiye aphunzitsi, sindikukuuzani kuti mubwerere ku mitanda itatu ndi Fanta. Shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera, mandasi ndi tchipisi cha pachiwaya, zimenezo zisiyeni ndithu, BP yanu ikuthokozani. Koma bwezerani mtanda umodzi waung'ono wa mgaiwa, kapena mbatata yofiira mkati, kamodzi kapena kawiri patsiku. Theka la mbale likhale masamba, ndipo ndiwo zomanga thupi zikhale zoti munthu n'kukhuta nazo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja mumaphunzitsa ana m'kalasi, nanunso akukukhudzani.

WOULUTSA: Aphunzitsi aphunzitsidwa. Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa pa yunivesite, ku Chanco, amene akuchita lendi ku Chikanda. Akuti: "Adokotala, anzanga amandiseka kuti ndili ndi mimba ya nsima. Ndasiya zonse zokhutitsa. M'mawa ndimamwa tiyi wopanda shuga, masana kabichi ndi tomato, madzulo peyala limodzi. Nyama ndi tchizi zomwe amanena pa intaneti sindingakwanitse. Tsitsi layamba kupepuka ndipo ndikakhala m'kalasi mutu sugwira. Nditani ndi ndalama zanga zochepazi?"

DOKOTALA: Mwana wanga, zimene ukudyazo si kadyedwe kochepetsa thupi, ndi njala yodziitanira. Mutu sukugwira chifukwa ubongo ukusowa chakudya, ndipo mayeso akafika ndi pamene udzalire. Ndiyambe ndi masamu, popeza ndiwe wa pa koleji. Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin. Munthu wamkulu amafunika magalamu osachepera 0.8 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ngati uli ndi makilogalamu 60, ndiye magalamu 48, ndipo pochepetsa thupi ndi bwino kupitirirako. Mu tiyi, kabichi ndi peyala lija, ngakhale 10 sakukwana.

Tchizi usiye, si wa kwathu. Tsikira mumsika waukulu wa Zomba ukaone zimene zili pamabenchi. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15, ndipo nandolo ndi khobwe sizitalikira pamenepo. Mtedza wodzaza dzanja, magalamu 7. Kapu ya chambiko, magalamu 8. Usipa wouma, bonya ndi matemba a ku Chilwa, kulemera kwake koposa theka ndi puloteni yokhayokha, ndipo popeza timadya ndi mitu ndi minga yomwe, timapezamonso ayironi, zinki ndi kasiyamu. Soya pieces uja ophunzira mumamunyoza naye ndi wothandiza. Nyengo ya ngumbi ikafika usachite manyazi.

Tsiku lako likhoza kuyenda chonchi: m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mazira awiri. Masana nyemba zodzaza mbale, bonongwe kapena chisoso chotendera, ndi mtanda umodzi. Madzulo usipa ndi nkhwani. Peyala lija ulisunge, mafuta ake ndi abwino. Ukatero wadutsa magalamu 48 osagula nyama ngakhale kamodzi.

Mabuku a kunja ena amaletsa nyemba, amati zili ndi sitachi. Kwa munthu wa kuno kusiya nyemba ndi kudzidula mwendo. Ndipo ndikuuze ichi mwana wanga: ngati wayamba kuopa chakudya, kudzisanzitsa ukadya, kapena kumwezi kwasiya kubwera, usakhale nazo wekha. Pita ku kiliniki ya pasukulupo ukalankhule ndi namwino kapena mlangizi. Amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo.

WOULUTSA: Adokotala, pali mawu amene mwatchula, ayironi. Kalata iyi ya mayi a ku Thondwe ikugwirizana nawo. Akuti iwo amadya mazira ndi nsomba mokwanira, anangochepetsa nsima pang'ono, koma tsitsi likuthothokabe kwa miyezi 8 tsopano. Amatopa msanga, akakwera kachitunda mtima umagunda kwambiri, ndipo kumwezi amataya magazi ambiri.

DOKOTALA: Mayi, apa kadyedwe katsopanoka kangovundukula vuto lomwe linalipo kale. Zimene mwatchulazi zikuloza ku kuchepa kwa magazi. Kafukufuku wa 2015-16 amene anachita a National Statistical Office, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi magazi ochepa. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu anali wonenepa mopitirira. Ndiye kuti munthu akhoza kukhala wonenepa koma magazi alibe. Kunenepa si umboni wakuti thupi lili ndi zonse.

Mizu ya tsitsi imafuna ayironi kuti igwire ntchito. Mayi wotaya magazi ambiri mwezi ndi mwezi nkhokwe yake imakhala kale pansi, ndipo akachepetsa kudya imatheratu. Kuno kwathu onjezeranipo malungo, njoka za m'mimba, ndi likodzo kwa amene amasamba kapena kulima m'madzi a kuchigwa cha Chilwa.

Chochita ndi ichi. Pitani kuchipatala chapafupi, kaya pa Thondwe pomwepo, kaya ku Zomba Central, mukapemphe kuti akuyezeni magazi, ndipo mukafotokoze za kumweziko mosabisa. Popeza miyezi 6 yadutsa, akaonenso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mopitirira kapena moperewera tsitsi limagwanso. Akakupatsani mapiritsi a ayironi imwani mpaka nthawi imene akuuzani, ngakhale chimbudzi chide, zimenezo zisakuopseni. Kunyumba idyani chiwindi kamodzi pa sabata, nsomba zing'onozing'ono, nyemba ndi masamba obiriwira. Tiyi musamwere pa chakudya, amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, dikirani padutse ola limodzi. M'malo mwake finyirani ndimu m'ndiwo, kapena mutsirize ndi gwafa, malambe, kaya sitiroberi aja anyamata amagulitsa mumsewu wokwera kuphiri.

WOULUTSA: Kalata yotsatirayi yandikhudza, ndiiwerenga yonse. Yachokera ku Chinamwali. "Adokotala, ine ndinachepetsa thupi mwadala chifukwa maondo amandipweteka. Koma pano sindikuyenda momasuka. Pampopi amayi akandiona amatsinana. Apongozi anga anaitana amuna anga pambali n'kuwafunsa ngati tinakayezetsa. Kutchalitchi wina anandigwira dzanja n'kunena kuti akundipempherera. Akuti kuonda ndi tsitsi lopepuka ndi zizindikiro za matenda aja. Ndikuganiza zongonenepanso kuti pakamwa pa anthu patsekeke."

DOKOTALA: Achemwali, pepani. Ululu umenewu mabuku a ku London ndi ku Cape Town sautchula, koma kuno ndi weniweni. Ife amene tinaona zaka za m'ma 1990 tikukumbuka. Munthu ankaonda, tsitsi n'kupepuka n'kusanduka lofiirira, kenako maliro. Maso a anthu anaphunzira kuwerenga thupi la mnzawo mwa njira imeneyo, ndipo mpaka lero sanaiwale. Apongozi anuwo mwina si nkhanza, ndi mantha a zimene anaona.

Koma nthawi inasintha. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo lero anthu ambiri amene ali ndi HIV ndi onenepa, tsitsi lili bii. Kachilombo sikaoneka ndi maso, wowonda akhoza kukhala alibe, wonenepa ali nako. Ndiye musabwezere makilogalamu pa maondo opwetekawo pofuna kusangalatsa a pampopi. Akamaliza za inu adzapeza wina.

Komabe ndikupemphani chinthu chimodzi, osati chifukwa cha apongozi, koma chifukwa cha inu nomwe. Kayezetseni, inu ndi bambo a kunyumba. Ndi zaulere ndipo sizitenga nthawi. Aliyense amene tsitsi likuthothoka pamodzi ndi kuonda ndimamuuza chimodzimodzi, kuti tisamangonamizira kadyedwe pamene pali china. Makamaka ngati thupi likutsikabe mutayambiranso kudya bwino, ngati mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kutsegula m'mimba kosatha, kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena tsitsi likuchoka m'zigambazigamba ngati ladyedwa ndi njenjete. Zimenezo zingakhale TB, shuga, chindoko kapena HIV, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala.

Ndiwonjezere mawu kwa omvera amene ali pa ma ARV. Kuyambira 2019 ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo ena aona thupi likukwera. Mukafuna kulitsitsa kambiranani ndi a ku kiliniki yanu za kadyedwe ndi kuyenda. Mankhwala okha musasiye ngakhale tsiku limodzi.

WOULUTSA: Zamveka. Tsopano tamvani izi Adokotala, zachokera kwa mayi amene ali ndi saluni ku Mpondabwino. Akuti makasitomala awo amene akuchepetsa thupi akamamasula meshi, pansi pamagwa tsitsi lodzaza manja awiri, ndipo ena amawanena iwowo kuti ndi amene akuwadula tsitsi. Akufunsa kuti asiyanitsa bwanji.

DOKOTALA: Funso labwino kwambiri, ndipo a saluni ndinu amene mumayamba kuona vutoli ife tisanalione. Poyamba masamu. Tsitsi likalukidwa, lija limagwa tsiku ndi tsiku silipeza pothawira, limakodwa m'malukomo. Munthu akakhala ndi meshi masabata 6, amenewo ndi masiku 42. Chulukitsani ndi 50 kapena 100, mupeza tsitsi 2,100 mpaka 4,200 likudikira tsiku lomasula. Ndiye mpukutu umene umagwa tsiku limenelo, pawokha si matenda.

Kuti mudziwe chomwe chikuchitika, tolani tsitsi pang'ono muliike pa pepala loyera pafupi ndi windo. Mukaona lalitali, kunsonga kwake kuli kamutu koyera ngati kambewu ka chitowe, limenelo lachoka ndi kumuzu, ndi lija lopuma tanena lija. Mukaona tizidutswa tatifupitifupi topanda kamutu, limenelo laduka, ndipo olakwa ndi mankhwala owongola tsitsi, chowotchera, kapena kupesa mwankhanza lili louma.

Kenako yang'anani pamutu. Kuthothoka kobwera ndi kuonda kumapepula mutu wonse mofanana. Koma ngati tsitsi latha m'mbali, pamwamba pa makutu ndi pamphumi, mzere ukubwerera m'mbuyo, kumeneko ndi kukoka. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, atafufuza amayi a kumeneko anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi vuto limeneli, ndipo linkakula kwambiri mwa amene ankalukira pa tsitsi lothira mankhwala. Apa ndiye pofunika kusamala, chifukwa muzu ukakokedwa zaka zambiri umafa, ndipo pamene wafa sipameranso.

Ndiye mayi, kasitomala amene tsitsi lake likupepuka musamumange zothina. Akatuluka mu saluni yanu nsidze zitakwera m'mwamba, usiku n'kumwa Panado kuti agone, dziwani kuti mwamupweteka. Tiziphuphu m'mbali mwa malukowo ndi chenjezo lomwelo. Lukani zazikuluzikulu zomasuka, meshi yolemera ayambe waisiya, mankhwala owongola adikire, guluu wa wigi asafike pamzere wa tsitsi. Ndipo mukaona pakati pamutu payamba kusalala n'kumanyezimira, pakuyabwa kapena kuwawa, kapena pali zigamba zozungulira zamamba ngati chipere, musadzoze kanthu. Mutumizeni kwa a chipatala oona za khungu msanga.

WOULUTSA: Abambo nawo sanatsale. Iyi ndi ya bambo a zaka 56 a ku Sadzi, msilikali wopuma. Akuti ali ndi matenda a shuga, amamwa metformin ndi glibenclamide. Mwana wawo wa ku Joni anawauza za Banting ndipo asiya nsima kwa mwezi tsopano. Akuti pakati pamutu payamba kuwala, komanso kawiri konse akukwera njira ya Potato Path m'mawa anachita chizungulire, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera.

DOKOTALA: Bambo, za tsitsi tikamba, koma choyamba ndi chizungulire chimenecho, chifukwa chingakupheni. Glibenclamide amatsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. Mulingo umene anakupatsani anauyeza poganiza kuti mukudya nsima. Inu mwachotsa nsima, mankhwala mwasiya momwemo, n'kuwonjezapo kukwera phiri. Shuga wanu akutsika mopitirira, ndipo tsiku lina mungakomoke m'nkhalango ya paini muja muli nokha. Mawa lomwe pitani ku kiliniki ya shuga mukawauze mmene mukudyera, kuti akonzenso mulingo. Musasinthe nokha. Pakadali pano musakwere phiri ndi m'mimba mopanda kanthu, ndipo m'thumba muzikhala maswiti kapena shuga pang'ono. Mukangomva kunjenjemera, khalani pansi mudye. Obaya insulin, uthengawu ndi wanunso. Akumwa mankhwala a BP nawonso adziwitse adokotala awo, popeza thupi likatsika BP imatsika nayo. Amene ali ndi vuto la impso asawonjezere nyama ndi nsomba asanafunse.

Kuchepetsa zokhutitsa kumathandizadi odwala shuga ambiri, sindikutsutsa. Koma kuyende limodzi ndi achipatala.

Tsono dazilo. Mwezi umodzi ndi wochepa kuti Banting agwetse tsitsi, ndipo kuwala kwa pakati pamutu pa zaka 56 ndi dazi la kumtundu. Tayang'anani zithunzi za bambo anu ndi amalume anu. Limenelo nsima siilibweza.

WOULUTSA: Paja amati dazi ndi chuma, Adokotala.

DOKOTALA: Likanakhala chuma, achimwene, bwenzi theka la madoda a mu Zomba muno akuyendera galimoto.

WOULUTSA: Ha! Nthawi yatsala pang'ono, titenge mauthenga a pafoni mwachangu. Mayi a ku Songani akuti mwana wawo ali ndi miyezi inayi, akuyamwitsa, asiya nsima kuti mimba ibwerere, ndipo tsitsi likugwa.

DOKOTALA: Mayi, tsitsi limagwa mwa amayi ambiri pakatha miyezi iwiri mpaka inayi atabereka, ngakhale akudya bwino, ndipo limabwerera lokha mwana akamakwanitsa chaka. Koma nsima yambiraninso lero. Woyamwitsa amafunika chakudya chochuluka kuposa kale, ndipo kusiyiratu zokhutitsa uku mukuyamwitsa kungakudwalitseni koopsa. Oyembekezera chimodzimodzi. Mimba idzabwerera, mwana ayambe wakula.

WOULUTSA: Wina akufunsa za mapiritsi a biotin ndi mafuta omeretsa tsitsi amene akugulitsidwa m'tauni.

DOKOTALA: Biotin amathandiza munthu amene akumusowa, ndipo wodya mazira ophika, mtedza ndi nyemba samusowa kawirikawiri. Komanso amasokoneza zotsatira za magazi, makamaka poyeza chithokomiro ndi mtima, ndiye ngati mukumwa auzeni a ku labu. Mavitamini musamwe mwachisawawa: vitamini A ndi selenium zikachuluka m'thupi zimagwetsanso tsitsi. Mafuta a nsatsi ndi ena otero amafewetsa tsitsi kuti lisaduke, koma muzu umadya kuchokera m'magazi, osati pamwamba. Ndalama imeneyo kaguleni mazira. Tiyi wochepetsa thupi uja amangokutsegulani m'mimba, mumataya madzi, mafuta ali pomwepo.

WOULUTSA: Uwu ukuti: "Ndikameta mpala limera lambiri?"

DOKOTALA: Lumo silifika kumuzu, ndiye chiwerengero sichisintha. Koma kumeta lalifupi kumapumitsa mutu ku zokoka ndi mankhwala, ndipo kupepukako sikuoneka kwambiri. Ngati mukukonda, metani.

WOULUTSA: Womaliza, sanatchule kumene ali. Akuti azakhali awo akunena kuti wina anatola tsitsi lawo kubafa n'kukalichitira zamankhwala.

DOKOTALA: Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaganiza choncho. Tsitsi limagwa pamene munthu wachira kale, kapena pamene kuonda kunachitika kalekale, ndiye chifukwa chake sichioneka pafupi. Musanaloze chala mnansi wanu, tengani kalendala mubwerere m'mbuyo miyezi itatu. Munadwala malungo? Munabereka? Munaferedwa? Munasiya kudya? Kawirikawiri mfiti yake mudzaipeza pamenepo.

WOULUTSA: Adokotala, mawu otsiriza kwa aphunzitsi a ku Matawale aja, amene anatitsegulira pulogalamu.

DOKOTALA: Aphunzitsi, ntchito mwaigwira, makilogalamu 14 si masewera, ndipo sindikufuna muwabweze. Tsopano tsikani giya. Miyezi iwiri ikubwerayi thupi liime pomwe lilipo, muzidya katatu patsiku, chakudya chilichonse chikhale ndi dzira, nsomba, nyemba kapena mtedza. Pa makilogalamu 72 mukufunika magalamu a puloteni osachepera 58. Kayezetseni magazi sabata ino. Loweruka muzikwera pang'onopang'ono kulowera ku damu la Mulunguzi, mutadya kaye. Chipeso chipitiriza kudzaza kwa masabata angapo ngakhale muchite zonsezi, musadabwe, limenelo ndi tsitsi la mu Febuluwale likumaliza ulendo wake. Ikafika Okutobala, imani pagalasi kunja kukuwala, mukweze tsitsi la pamphumi ndi dzanja. Mukaona timatsitsi tatifupi taimirira ngati udzu womera pa lupsa, mutilembere kalata ina.

WOULUTSA: Ndipo ine ndidzaiwerenga pompano.  Omvera, makalata anu apitirize kubwera, mukhoza kuwasiya pa ofesi yathu kapena kutumiza uthenga pafoni. Sabata ya mawa tidzakamba za chifuwa cha ana m'nyengo yozizira ino. Amene muli kuphiri fundani bwino, ndipo amene mwatereka poto, ndiwo zichuluke.